Ndege yankhondo ikapuma ntchito imapita kuti?

Loweruka lina ndinatenga mwana wa mlongo wanga kupita naye ku Saxonwold, kuja kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale zankhondo ya Ditsong, moyandikana ndi Johannesburg Zoo. Nyumbayi anaitsegula ndi Jan Smuts, nduna yaikulu ya South Africa pa nthawiyo, mu 1947, ndipo ambirife timangodutsa chapafupi tikamapita kuntchito osadziwa kuti mkatimo muli ndege zomwe zinalawapo nkhondo yeniyeni. Mnyamatayo anaima nthawi yaitali patsogolo pa Mirage, kuiyang'ana kuyambira kumphuno mpaka kumchira, kenako anandifunsa kuti: "Amalume, titaithira mafuta iyi ingaulukenso?"

Ndinamuyankha kuti ayi, ndipo pa ndege imeneyo sindinaname. Koma funso lakelo ndi lomwenso akuluakulu akhala akufunsana m'magulu athu a pa WhatsApp kuno ku Joni. Wina anamva kuti Netherlands ndi Denmark akupumitsa ndege zawo za F-16, kenako n'kumvanso kuti ndege zomwezo zafika ku Ukraine mu 2024 ndipo zili pankhondo. Wina anaona zithunzi za India ikutsanzikana ndi MiG-21 mu Sepitembala 2025, mtundu wa ndege womwe inayamba kuugwiritsa ntchito mu 1963. Ndiye palinso ya konkuno: ndege za Gripen, zomwe si zakale n'komwe, zinakhala pansi pafupifupi chaka chathunthu kuyambira chakumapeto kwa 2021. Yopuma ili pankhondo, yokalamba ikuuluka, yatsopano ili pansi. Munthu akasokonezeka si vuto lake.

Kwathu ku Malawi tilibe ndege zamtunduwu. Asilikali athu ali ndi zonyamula anthu ndi katundu. Koma chichitikireni ngozi ya ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, yomwe inatilanda wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8, nkhani ya moyo wa ndege za asilikali sitimaimvanso ngati ya eni ake. Ndege ija inali Dornier 228, osati yomenyera nkhondo, ndipo nkhani yake ndi ina. Pano tikambe za izi zothamanga, zonyamula mizinga.

Ndege siikalamba ndi zaka zokha

Ndege yankhondo ili ndi buku lake momwe amalembamo ola lililonse lomwe yauluka. Oipanga amaneneratu maola omwe thupi lake lingapirire. F-16 anaipangira maola 8,000, ndipo zina azilimbitsa kuti zifike 12,000. Ndege ya zaka 40 yomwe imauluka mwa apo ndi apo ikhoza kukhala ndi moyo wambiri kuposa ya zaka 20 yomwe sinapumeko.

Chomwe chimaidya ndi kutopa kwa chitsulo. Aliyense amene anapangapo galimoto ya mawaya ali mwana akudziwa kuti waya saduka ukaupinda kamodzi. Umaupinda uku, kuubweza uko, kangapo, kenako pamalo pomwepo pamatentha n'kuduka. Phiko la ndege limachita chimodzimodzi. Ndege yankhondo ikamakhota mothamanga, thupi lake limatha kumva kulemera kowirikiza ka 9, mapiko n'kupindika pang'ono, kenako n'kubwerera. Timing'alu tosaoneka ndi maso timayambira pamabowo a mabawuti n'kumakula pang'onopang'ono. Paja ng'oma yolilitsa siichedwa kung'ambika.

Dziko linaphunzira zimenezi ndi misozi, ndipo Johannesburg ili m'nkhaniyo. Mu Epulo 1954 ndege yonyamula anthu ya Comet, yomwe inali paulendo wochokera ku London kubwera kuno, inasweka m'mwamba itangonyamuka ku Rome, anthu 21 onse n'kufa. Inali itangosweka inanso miyezi itatu m'mbuyomo. Ofufuza ku Britain anaika thupi la Comet m'thanki ya madzi, kulifufumitsa ndi kuliphwetsa mobwerezabwereza mpaka linang'ambika. Kuchokera nthawi imeneyo, kuwerenga maola ndi kusaka ming'alu kunakhala lamulo lomwe palibe amaliseweretsa.

Komabe ndege zambiri zimapuma chitsulo chisanatope. Ina imatsalira m'mbuyo: radar yake siiona patali, makompyuta ake sagwirizana ndi mizinga yatsopano, fakitale yopanga zipangizo zake inatsekedwa kalekale. Ina imapuma chifukwa thumba la boma laphwa. South Africa inalandira ma Mirage F1 kuchokera ku France chapakati pa zaka za m'ma 1970. Nkhondo ya m'malire a Namibia ndi Angola itatha, ndalama za asilikali zinadulidwa, ndipo mtundu wa F1CZ unapuma mu 1992, wa F1AZ mu 1997. Kuti zinali zisanathe, umboni wake ndi woti zina mwa F1AZ zomwezo zinakaulukanso ku Gabon ndi ku Congo-Brazzaville. Choncho mukamva kuti ndege yapuma, dziwani kuti yangochoka pamndandanda wa zomwe dzikolo lingatume kunkhondo. Komwe ilowere pambuyo pake ndi nkhani ina.

Kuizula mano

Kulikonse komwe ndegeyo ipite, choyamba ndi kuichotsa zomwe zingaphe munthu ndi zomwe zingaulule chinsinsi. Mfuti amaichotsa kapena kuiwononga kuti isadzawombenso. Mpando womwe umaponya woyendetsa kunja pangozi uli ndi zophulika pansi pake, ndipo makaniko wosadziwa akhoza kufa nazo ali mugalaja. F-16 ili ndi kathanki ka mankhwala otchedwa hydrazine, oyendetsera magetsi injini ikazima m'mwamba, ndipo ndi poizoni woti amamukhudza okhawo ovala zodzitetezera thupi lonse. Ndiye pali timabokosi todziwira mnzako ndi mdani, tosokonezera radar, ndi tolankhulirana mwachinsinsi. Timeneti satisiya m'ndege ngakhale tsiku limodzi.

Zili ngati njoka ya osewera nayo pamsika, imene amayamba aichotsa ululu. Kusiyana kwake n'koti apa chilichonse chochotsedwa chimalembedwa ndi nambala yake, ndipo mapepalawo amasungidwa ngakhale ndegeyo itasungunulidwa kale.

Nkhokwe ya m'chipululu

Malo otchuka kwambiri osungira ndege zopuma ali ku Tucson, m'chigawo cha Arizona ku America, pabwalo la asilikali la Davis-Monthan. Gulu lomwe limayang'anira malowa limatchedwa 309th AMARG, koma anthu amangowatcha Boneyard, kutanthauza kotayira mafupa. Dzinali limasocheretsa, chifukwa kumeneko si kudzala. Anayamba kusungirako ndege mu 1946, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, pomwe dzikolo linapezeka lili ndi ma B-29 ndi ma C-47 ambirimbiri opanda ntchito. Lero malowa ndi oposa mahekitala 1,000 ndipo pali ndege zoposa 3,000 zondandalikidwa m'mizere ngati munda.

Anasankhako pazifukwa ziwiri zomwe mlimi aliyense angazimve. Mvula imagwako pafupifupi mamilimita 300 pachaka, osafika ndi theka lomwe la yomwe timalandira kuno ku Johannesburg, ndipo mpweya wake ndi wouma, choncho dzimbiri limachedwa kugwira. Chachiwiri ndi nthaka. Pansi pake pali dothi lolimba ngati simenti, moti ndege yolemera amaikoka n'kuiimika pamtetete popanda kuwaka konkire.

Ikafika, amaitsuka kaye, makamaka ngati inkagwira ntchito kunyanja komwe mchere umadya chitsulo. Amakhuthula mafuta, kuthiramo oyilo wopepuka, kuliza injini kuti oyiloyo afike m'mapaipi monse, n'kumukhuthulanso. Kenako amamata magalasi, mipata ndi pakamwa pa injini ndi mankhwala opopera onga labala. Wapansi ndi wakuda, wotseka fumbi ndi chinyezi, ndipo wapamwamba ndi woyera, wobweza dzuwa kuti zamkati zisapse. Amene anakulira kumudzi aona kale nkhokwe apa: chimanga chouma bwino, chothira mankhwala, nkhokwe yomata, ndipo mwini wake amakasuzumiramo nthawi ndi nthawi.

Ndege za kumeneko sizili pamlingo umodzi. Za gulu lomwe amalitcha 1000 amazisunga zamphumphu, osachotsamo kanthu, poyembekezera kuti tsiku lina zidzafunika. Za 2000 ndi zochotsako zipangizo. Za 3000 ndi zongoyembekezera kanthawi, zokonzeka kuuluka. Za 4000 ndi zomwe boma lathana nazo. Ndipo zimadzukadi. B-52 ina, yoponya mabomba, yopangidwa koyambirira kwa zaka za m'ma 1960, inagona m'chipululumo kuyambira 2008 n'kuulukanso mu 2015, ndipo inanso inatsatira mu 2019. Indonesia inalandira ma F-16 okwana 24 omwe anatengedwa komweko n'kukonzedwanso.

Kusunga sikukhudza zokalamba zokha. Mu 2013 nduna ya zachitetezo kuno, Nosiviwe Mapisa-Nqakula, inauza nyumba ya malamulo kuti ma Gripen 12 mwa 26 anali osungidwa chifukwa panalibe ndalama zowaulutsira onse. Apo n'kuti yoyamba itangofika mu 2008. Ndege ikangokhala siipuma monga momwe munthu amapumira: malabala amauma, mabatire amafa, ndipo zipangizo zina zimatha ndi kalendala ngakhale osazigwiritsa ntchito. Oyendetsa nawo luso limawathawa akapanda kuuluka.

Kufa kuti zina zikhale ndi moyo

Izi sizifuna kufotokoza kwambiri, chifukwa tonse tinaionapo minibasi yokhazikidwa pamiyala kuseri kwa galaja, lero yachotsedwa giyabokosi, mawa chitseko, kuti inzake ipitirize kuyenda. Ndege za mtundu womwe fakitale inasiya kupanga zimakhalira moyo womwewo. Britain itapumitsa ma Harrier ake, inagulitsa 72 kwa America mu 2011 pamtengo wa madola pafupifupi 180 miliyoni, ndipo cholinga chinali zipangizo basi. Chile inagula ma Cheetah 5 akale kuchokera kuno mu 2003 kuti izichotsako zokonzera ndege zake. Chosiyana ndi minibasi n'choti chipangizo cha ndege chopanda mapepala a mbiri yake ndi chitsulo wamba. Palibe injiniya woona angachimange pandege ina.

Kaunjika wa ndege, ndi mwini wake weniweni

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo chitsanzo chabwino chili pafupi nafe, ku Kempton Park, pambali pa bwalo la ndege la OR Tambo, pomwe panali fakitale ya Atlas yomwe pambuyo pake inalowa mu Denel, kampani ya boma yopanga zida.

South Africa inayamba kulandira ma Mirage III mu 1963. Mu 1977 bungwe la United Nations linaletsa mayiko onse kugulitsa zida ku boma la tsankho, choncho ndege zatsopano zinasowa kozigula. Mainjiniya a Atlas, mothandizidwa ndi luso la ku Israel, anatenga ma Mirage aja n'kuwamasula, kusintha mbali yaikulu ya thupi, kuwonjezera timapiko kutsogolo ndi kuikamo makompyuta atsopano. Ndege yotulukapo anaitcha Cheetah ndipo anaionetsa koyamba mu 1986. Umenewo unali moyo wachiwiri. Cheetah inapuma mu 2008 Gripen itafika. Mu 2010 Ecuador inagwirizana ndi Denel zogula 12, ndipo zinakauluka ku South America zaka pafupifupi 10. Mu 2017 kampani ya ku Florida yotchedwa Draken International inagula zina 12. Mzere womwe unayambira ku France m'zaka za m'ma 1960 wapumitsidwa kangapo konse, ndipo nthawi iliyonse pamapezeka wina woufuna.

Mayiko ambiri a mu Africa amadalira msika womwewu. Botswana inagula ma CF-5 omwe Canada inasiya mu 1996. Kenya inawonjezera ma F-5 ake pogula ena kwa Jordan. Mozambique inatumiza ma MiG-21 ake akale ku Romania kukakonzedwa. Ngakhale ku Ulaya zimachitika: Romania inagula ma F-16 kwa Portugal ndi kwa Norway. Chifukwa chake ndi chomwecho chomwe timagulira galimoto yochokera ku Japan. Mtengo wake ndi wofikirika ndipo imabwera msanga. Oikira kumbuyo njirayi amati ndege yogwiritsidwapo ntchito yomwe ungaikwanitse iposa yatsopano yomwe ungoisirira. Otsutsa amati wogula amalandira ndege pa nthawi yomwe yayamba kudya ndalama zambiri zokonzera, ndipo maola otsalawo akatha amapezeka ali pomwe anayambira. Mbali zonse ziwiri zili ndi zitsanzo zoloza.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe chimasiyanitsa ndege ndi galimoto, ndipo ndi chomwe ambiri sitichidziwa. Galimoto ukailipira ndi yako, umasintha dzina pabuluubuku n'kuigulitsa kwa amene wamufuna. Ndege yankhondo ili ngati munda womwe amfumu anakupatsa: ulime, ukolole, ana ako adye, koma sungaugulitse kwa mlendo amfumu osavomera. Pogula ndege, dziko limasaina chikalata cholonjeza kuti ndilo lidzaigwiritse ntchito, ndi kuti silidzaipereka kwina popanda chilolezo cha dziko lomwe linaipanga. Lonjezo limeneli silitha ndege ikapuma.

N'chifukwa chake ma F-16 a Netherlands ndi Denmark sanapite ku Ukraine mpaka America itavomera. Denmark itagwirizana ndi Argentina mu Epulo 2024 zoigulitsa ma F-16 okwana 24, chilolezo chinachokeranso ku Washington. Ndipo nthawi zina yankho limakhala lokana. Israel inafuna kugulitsa ma F-16 ake 12 ku Croatia, zonse zitakambidwa, koma malondawo anafa mu Januwale 2019 chifukwa America sinalole kuti ndegezo zipite zili ndi zipangizo zomwe Israel inawonjezeramo. Ngakhale chipangizo chimodzi chikhoza kupatsa dziko lina mawu. Argentina yomweyo inakanika kugula ndege ya ku South Korea chifukwa munali zipangizo za ku Britain, dziko lomwe inamenyana nalo mu 1982.

Kuno ku South Africa, chida chilichonse chotuluka kunja chimayenera kuvomerezedwa ndi komiti ya nduna yotchedwa NCACC, motsatira lamulo la mu 2002, ndipo Armscor, bungwe la boma logulira asilikali zida, ndiyo imagulitsa katundu yemwe asilikali athana naye. Padziko lonse palinso pangano loona za malonda a zida lomwe linayamba kugwira ntchito mu Disembala 2014.

Kusanduka mdani, kapena chandamale

Mwina mwadabwa kuti kampani wamba ikugula ndege zankhondo kuti itani nazo. Timu ya mpira ikamakonzekera masewero aakulu imafuna ina yoti iyeserere nayo, yosewera ngati adani ake. Oyendetsa ndege zankhondo nawo amafuna woti azimuthamangitsa m'mwamba. Kugwiritsa ntchito ndege zatsopano pa ntchito imeneyi n'kumwaza maola odula, choncho maboma amalemba ganyu makampani omwe ali ndi ndege zakale, zoyendetsedwa ndi asilikali opuma. Draken ndi imodzi. Ina yotchedwa ATAC inagula ma Mirage F1 okwana 63 kwa France mu 2017, ndipo Top Aces ya ku Canada inagula ma F-16 akale a Israel. Ndegezi sizinyamula mizinga yamoyo. Ntchito yake ndi kuoneka ndi kuthamanga ngati mdani.

Zina mathero ake ndi owawa kuposa apo. America imatenga ndege m'chipululu muja n'kuziika zipangizo zoti ziziuluka popanda munthu, kenako n'kuziwombera poyesa mizinga yatsopano. Inachita zimenezi ndi ma F-4 Phantom mpaka 2016, ndipo F-16 yoyamba yopanda woyendetsa inauluka mu Sepitembala 2013 ku Florida. Amati mzinga sungadziwike ngati ukugwira ntchito pokhapokha utayesedwa pa chinthu chachikulu, chotentha ndi chokhota ngati ndege yeniyeni.

Zochepa zokhala ndi mwayi

Zomwe timaziona m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe zinapangidwa. Ku Saxonwold kuja, kuwonjezera pa Mirage ndi Buccaneer, kuli Messerschmitt Me 262 ya mipando iwiri yomenyera nkhondo usiku, yomwe inalandidwa kwa Germany mu 1945. Ndi yokhayo ya mtundu umenewo yomwe yatsala padziko lonse, ndipo ili pamtunda woti Mmalawi wogwira ntchito ku Rosebank akhoza kukafikako wapansi. Asilikali a m'mlengalenga ali ndi nyumba yawonso ku Swartkop pafupi ndi Pretoria, ndi nthambi ku Ysterplaat ku Cape Town ndi ku Gqeberha. Zina amazikhomera pamzati pachipata cha bwalo la asilikali, zopanda injini, zongotsala chikopa.

Ine ndimaona kuti kusunga kumeneku n'kofunika, ngakhale ndege zina zili ndi mbiri yowawa. Mirage ndi Buccaneer zinaponya mabomba ku Angola m'dzina la boma la tsankho. Wina akaziona amakumbukira luso la amisiri, wina amakumbukira abale ake. Mwana amene waima pansi pa phiko lake akhoza kuuzidwa zonse ziwiri, pomwe ikasungunulidwa palibenso poyambira kukamba.

Anthu ena olemera amagula ndegezi kuti aziulutsa okha. Ku Cape Town kunali kampani ya Thunder City yomwe inkakweza olipira m'ndege zakale za ku Britain monga Lightning, Buccaneer ndi Hunter. Mu Novembala 2009 Lightning ina inagwa pachionetsero ku Overberg, woyendetsa n'kufa, ndipo chaka chotsatira maulendowo anaima. Ndege yomwe inkasamalidwa ndi gulu lonse la asilikali, ndi fakitale kumbuyo kwake, siiphweka ikakhala m'manja mwa anthu ochepa.

Kuphwanya ndi kukwirira

Zotsalazo, zomwe ndi zambiri, zimadulidwa. Thupi la ndege zakale ndi aluminiyamu kwambiri, kuphatikizapo titaniyamu ndi zitsulo zina zodula za mu injini. Koma musaganize za anyamata okoka matolole a zitsulo m'misewu ya Booysens. Chidutswa chilichonse chimayenera kuphwanyidwa moti sichingadzagwirenso ntchito, pamaso pa mboni ya boma.

Nthawi zina kuphwanyako ndi uthenga wopita kudziko lina. America ndi Soviet Union atasainirana pangano la START mu 1991 lochepetsa zida za nyukiliya, ma B-52 okwana 365 anadulidwa ku Arizona ndi chimpeni cholemera pafupifupi matani 6 chomwe ankachigwetsa kuchokera pa kireni. Zidutswazo ankazisiya pamtetete masiku 90 kuti masetilaiti a Russia azione ndi kuziwerenga. F-14 Tomcat itapuma mu 2006, zambiri anazinyenyanyenya m'malo mozisunga. Chifukwa chake chinali Iran, yomwe inagula ndege 79 za mtunduwu m'zaka za m'ma 1970 idakali bwenzi la America, ndipo inkasakasaka zipangizo.

Ndipo zina sizisungunulidwa n'komwe. Australia itapumitsa ma F-111 ake mu 2010, inapeza kuti guluu womata zigawo za thupi lake anali ndi asibesitosi, yemwe fumbi lake limawononga mapapo. Kuwadula bwinobwino kukanadya ndalama zoposa phindu la zitsulozo. Mu Novembala 2011 matupi 23 anakwiriridwa m'dzenje ku Swanbank, m'chigawo cha Queensland. Ndege zakale zilinso ndi penti wa mankhwala oopsa ndi mafuta omwe akalowa m'nthaka amafika m'madzi akumwa, choncho kuitaya ndege ndi ntchito yolipira, si yopezerapo ndalama nthawi zonse.

Zomwe sizinayankhidwe

Ndege za masiku ano zili ndi zigawo zambiri zopangidwa ndi ulusi wa kaboni womatidwa ndi guluu, osati chitsulo. Zimenezi sizisungunuka ngati aluminiyamu, ndipo njira yotsika mtengo yozibwezeretsa pantchito idakafufuzidwa. Kodi m'tsogolo muno tiona maenje ambiri ngati la ku Swanbank?

Palinso ndege zobisala ku radar, zomwe chinsinsi chake chili pakhungu penipeni. F-117 inapuma mu 2008, koma zina zikuulukabe ku Nevada pa ntchito zophunzitsira, ndipo zopita kokaonetsedwa amayamba azipala khungu lonse. F-22 lamulo la America limaletsa kuigulitsa kunja. Ngati ndege za m'badwo uno sizidzalowa pamsika wa kaunjika momwe F-5, Mirage ndi F-16 zinalowera, mayiko ngati Botswana ndi Kenya adzagula kuti? Ena akuti adzatembenukira ku China, Turkey kapena South Korea. Ena akuti ndege zopanda munthu zidzatenga malowo msikawo usanaume.

Funso la makampani nalo lidakali pamtsutso. Owafuna amati amapulumutsa ndalama za msonkho. Owakayikira amafunsa kuti ndani amayang'anira kampani yomwe ili ndi ndege zankhondo zambiri kuposa mayiko ena, ndipo zimapita kuti kampaniyo ikagwa. Chimodzimodzinso mphamvu ya dziko lopanga ndege yoletsa malonda: kwa ena ndi mpanda woteteza kuti zida zisafike m'manja olakwika, kwa ena ndi chingwe chomwe mayiko olemera amamangira osauka.

Ndipo lapafupi ndi lathu lino. Ma Gripen 26 aja, ogulidwa m'pangano la zida la mu 1999 lomwe mpaka lero lidakali m'makhoti, amakhala ku Makhado m'chigawo cha Limpopo, tauni yomwe mabasi athu amadutsa polowera ku Beitbridge. Auluka maola ochepa poyerekeza ndi msinkhu wawo, choncho chitsulo chidakali ndi moyo, koma makompyuta akukalamba ndipo ndalama zowasamalira zimavuta chaka ndi chaka. Kodi adzawakonzanso ngati momwe Mirage inasandukira Cheetah, adzawagulitsa adakali ndi mtengo, kapena ena adzadyetsa anzawo mpaka atsale owerengeka? Ndegeyo ndi ya ku Sweden, koma injini yake inachokera ku injini ya ku America, ndiye tsiku logulitsa likadzafika, Pretoria siidzasankha yokha wogula.